Makina Achinayi Sandidziwa

Ku Luwinga, usiku wa mu Juni,
chifunga chatsamira pa mawindo a labu
ngati munthu wofuna kuonera mayeso.
Makompyuta asanu, okalamba, otsokomola fumbi,
ndawalumikiza ndi mawaya abuluu
kuti agawane ntchito imodzi
monga timagawanira mizere m'munda wa khofi.

Ntchito yake njachibwana: kuwerenga mawu.
Malangizo akuti mphindi khumi basi.
Amene anawalemba sanagonepo ku Mzuzu.

Ndalamula kuti pulogalamu imangidwe.
Mizere yoyera yayenda, yayenda,
kenaka yafiira psu.
Kachidutswa kena kasowa,
kali pa seva ya kutsidya kwa nyanja,
ndipo netiweki yathu ikukwera
ngati wakabaza pa chitunda cha ku Masasa mvula itagwa.
Kafika. Koma nkatsopano kwambiri,
sikakumvana ndi kanzake ka dzana,
mkamwini ndi apongozi m'chipinda chimodzi.
Ndatsitsa kakale. Ndafufuta zonse. Ndayambiranso.
Kachitatu zamangika,
ndaomba m'manja ndekhandekha
mpaka a Luhanga, alonda, asuzumira ndi tochi:
"Kwagwanji, mwanangu?"

Tsopano ayambe.
Oyamba avomera. Achiwiri avomera.
Achitatu achedwa, koma avomera.
Achinayi akuti: chilolezo palibe.

Palibe?
Ine amene ndinawapukuta ndi mpango wanga,
ndinawagulira fani ya kaunjika ku Mataifa?

Ndafunsa foda kuti mwini wake ndani.
Yayankha: zikani.
Zikani Chavula anamaliza zaka ziwiri zapitazo,
akukonza mafoni ku Joni,
nambala yake sipezeka,
koma dzina lake likadalendewera pakhomo ngati loko.

Fwasani wanditumizira uthenga ali m'bulangete:
"Ingotsegula zonse, seveni seveni seveni, ukagone."
Nyumba yopanda chitseko ndikuidziwa.
Tinagonamo ku Chiputula chaka china,
kutacha ngakhale ndowa inali itasamuka.
Ndakana.

Ndabwereka mphamvu za muzu,
pasiwedi yake ili kuseri kwa kalendala yakale,
yolembedwa ndi pensulo.
Ndachotsa Zikani, ndaikapo dzina langa,
pa foda imodzi yokhayo.
Ndayesanso.

Chilolezo palibe.

Tiyi wa m'fulasiki wazizira.
Zala zauma gwa.
Ndikuwerenga kaundula wa zolakwa mzere ndi mzere,
chala pa sikirini, ngati mwana wa sitandade wani,
ndipo pamzere wa mazana atatu ndi chakuti
ndadziona.
Pa makina enawo ndine nyuma.
Pa achinayi ndine nyumma.
Ndinalemba ndekha, Lolemba m'mawa,
chala chitanjenjemera pa batani ndi chisanu chomwechi.

Chilembo chimodzi.
Mayi anga anabwezedwapo pa windo la chipatala
chifukwa dzina la pakhadi
linasiyana ndi la m'buku mwa chilembo chimodzi.
Tsiku lija ndinatukwana kalaliki njira yonse.
Lero kalaliki ndi ine,
wobwezedwa ndi inenso.

Ndakonza. Sindinauze Fwasani.

Folo koloko itadutsa, mafani onse asanu alira pamodzi.
Ntchito yang'ambidwa zidutswa,
aliyense wanyamula chake,
wawerenga, wapereka kwa mnzake,
achinayi akuthamanga kuposa onse
ngati sanandikanepo.

Ndinawapatsa malipoti akale a alimi a khofi,
masamba zikwi zingapo, a ku Misuku ndi ku Phoka.
Ndimayesa mawu opambana akhala mvula,
kapena ngongole, kapena feteleza.
Ayi.
Pamwamba penipeni pali kamawu aka: ndi.
Ndi, ndi, ndi, kokwana zikwi makumi anayi,
uyu ndi uyo, thumba ndi sikelo, mawa ndi mkuja.

Ndazimitsa mmodzimmodzi,
achinayi pomalizira.
Panja a Luhanga akuwotha mbaula,
andisunthira mpando osafunsa dzina.